Mkamwini M'galasi

"Ayi anzanga, chala musachite kunyambita. Si buku la nyimbo la kutchalitchi ili."

Ankanena ndi a Rahema, ogulitsa usipa pamsika wa Golomoti, kuuza a Katerina a benchi la mpunga loyandikana ndi lawo. A Katerina anapukuta chala pachitenje nkudinanso pagalasi la tabuleti yawo yatsopano mwamphamvu, ngati akuphwanya nsabwe. Galasi linangoti duu. A Rahema anati chinthucho sichifuna ndewu, chimafuna kuchisisita, monga momwe munthu amakankhira kamwala pambali posankha mpunga m'lichero. Apo ndiye anamvana. Kamwala a Katerina akhala akukakankha zaka makumi anayi. Anatsetsereketsa chala, galasi nkutseguka.

A Katerina, aNambewe kwa owadziwa bwino, ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Ali ndi puloti ya mpunga ku Bwanje, imene akhala akulima okha chimwalirireni amuna awo a Davison. Foni yawo inali ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndipo sankaona chosowa. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Matilda, amene ali ku Joni ndi mwamuna wake Goodson, anaima patapita zaka zisanu ndi chimodzi za m'banja, anthu atayamba kale kunong'onezana. Ndiye anatumiza tabuleti, yokulungidwa m'bulangete, kudzera mwa anthu aja onyamula katundu wa anzawo pabasi. Anati mwana akadzabadwa agogo ake adzamuone ndi maso, osati kumangomva kulira.

Sukulu ya tabuletiyo inatenga masabata atatu, pakati pa fungo la usipa ndi fumbi la maminibasi. A Rahema anazolowera Watsapu chifukwa cha ogula nsomba a ku Lilongwe, ndipo uphunzitsi anaukonda mopitirira muyeso. Anati kobiriwira ndi koyankhira, kofiira ndi tsabola, osakakhudza mpaka nkhani itatha. A Katerina ankaigwira tabuleti chogoneka ngati lichero, moti Matilda akaimba ankaona mphuno za mayi ake ndi malata a shedi. Akaipendeketsa pang'ono chithunzi chinkatembenuka, iwo nkupendeketsa khosi kuchitsatira, chithunzi nkutembenukanso. Tsiku lina anajambula chipumi chawo ka makumi atatu, zonse nkutumiza kwa katekisiti. Katekisiti anayankha kuti Amen.

Komabe anaphunzira. Anadziwa kukaitchajitsa pagolosale, anadziwa kuti bando ikatha tabuleti imasanduka mbale, anadziwanso kuti netiweki ya kunyumba kwawo imakhala pansi pa mtengo wa bwemba basi. Chimene a Rahema sanawaphunzitse ndi chakuti foni ya ku Joni siyankhidwa ndi Matilda yekha.

Lamulungu lina, atakhala pansi pa bwemba, anasisita kobiriwira monyadira. Pagalasi panatulukira nkhope ya mwamuna, yodzaza mbali zonse. A Katerina anaigwetsa tabuleti chafufumimba pamphasa nkuthawira kuseri kwa khitchini, mawu a Goodson akumveka pamphasapo kuti pepani, pepani, Matilda ali kubafa.

Muyenera kumvetsa. Goodson ndi wa ku Mtakataka, woleredwa bwino, ndipo anakhala zaka ziwiri pachikamwini kwa a Katerina asanapite ku Joni. Zaka ziwiri zonsezo apongozi awiriwa sanayang'anizanepo. A Katerina ankamudziwa mkamwini wawo ndi msana, zidendene ndi chifuwa chimene ankatsokomola dala akamayandikira kuti iwo apatuke. Chofuna kumuuza ankauza Matilda, kapena nkhuku ngati Matilda palibe. Tsiku lina anakumanizana pakanjira kopyapyala ka pakati pa mapuloti a mpunga, kopanda popatukira, Goodson anadziponya m'ngalande ndi wilibala yomwe. Mudzi wonse unati mnyamata uyu ndi waulemu.

Tsono ulemu umenewu umafuna malo. Umafuna kuseri kwa nyumba, mpanda, tchire. Amene anakhalako ku Joni akuzidziwa zipinda zake: bedi, chitofu, chitseko, ukayetsemula wagunda khoma. Mulibe kuseri kobisalako mkamwini. Mwana atabadwa, wamwamuna, mwa opaleshoni, zinthu zinafika povuta, chifukwa Matilda sakanatha kunyamula mwana ndi foni nthawi imodzi. Wogwira foni anali Goodson. Iye ankaigwira atapotolera khosi kumbali, osaona chimene akuonetsa. A Katerina nawo ankaimika tabuleti pathumba la mpunga, iwo nkuifulatira, a Rahema nkumawauza zimene zikuoneka.

"Ndikuona denga. Ndikuona babu. Tsopano chidebe. Apa pali khutu, koma la munthu wamkulu."

"Nanga mwana?"

"Kaphazi kanadutsa."

Kwa masiku asanu ndi atatu, chimene a Katerina anaona cha mdzukulu amene anamudikira zaka zisanu ndi chimodzi chinali kaphazi ka m'nkhani za a Rahema. A Rahema anati kwawo kunyanja zoterezi anazichepetsa kalekale, mkamwini amakupatsa nsomba m'manja. A Katerina anati n'chifukwa chake akamwini a kunyanja amakwatira kawiri. Anatukwanizana bwinobwino, nkugawana chinangwa chootcha.

Tsiku lachisanu ndi chinayi tabuleti inalira dzuwa lili pamutu, msika uli pakati. Anali Matilda. Mwana thupi linatentha, bere akukana kuyambira m'mawa, ndipo pamchombo sipakuoneka bwino. Anati amayi taonani inu, ine sindikudziwa. Foni anapatsira Goodson kuti iye mwini amuvule mwana.

A Katerina anali atafulatira kale, mwachizolowezi. A Rahema anayamba ntchito yawo, denga, babu, katani, koma mawu awo analibe nthabwala. A Katerina anamvetsera kulira kwa mwana, kofooka, kokhala ngati kwa mwana wa mbuzi wonyowa ndi mvula. Anatembenuka, nkuinyamula tabuleti, kuiimika chilili monga anaphunzitsidwira.

"Matilda, auze bambo a mwana atsitse dzanja. Atsitsenso. Kumanzere. Aime pomwepo."

Anaika zala ziwiri pagalasi nkuzitambasula, luso limene sabata yathayo ankati ndi la anthu opanda ntchito. Mchombo unakula kudzaza galasi. Unali wotupa, wonyowa, ndipo kufiira kunali kutafalikira pakamimba. A Katerina asambitsapo makanda ambiri a m'mudzi mwawo, ndipo mchombo wotere anauonapo kawiri. Wina anathamanga naye kuchipatala cha ku Mua, ali moyo mpaka lero, amayendetsa kabaza. Winayo anachedwa naye.

A Katerina anati mwanayo apite kuchipatala lero, osati mawa. Osapakapo chilichonse.

Kumbali kunamveka chifuwa chija cha masiku a chikamwini. Kenako mawu a Goodson, olunjika kwa mkazi wake monga mwa mwambo. Anati Matilda awauze amayi kuti iyeyo masiku a m'pasipoti mwake anatha kalekale, ndipo kukumveka zoti pageti la chipatala cha kuderako pakumaima anthu ofunsa mapepala. Matilda yekha sangayende ndi bala lija. Awauze amayi kuti agula mankhwala opaka kusitolo, ndipo Loweruka mnzake wa galimoto adzawaperekeza kuchipatala china chakutali. Linali Lachiwiri.

Matilda anatsegula pakamwa kuti abwereze uthengawo, ngati kuti mayi ake sanamve.

"Apongozi," anatero a Katerina. "Tembenuzani foniyo. Ndiyang'aneni."

A Rahema anaika pansi mbale ya usipa. Mayi wogula amene anali atatambasula kale jumbo anangoima. Pagalasi panadutsa khoma, chitseko, kenako nkhope. A Katerina sanaphethire.

"Munawoloka malire atatu kupita kumeneko, simunaope. Lero mukuopa geti. Akakugwirani akubwezani kuno, puloti ilipo, mudzapalira. Koma uyo akapita sabwera. Nyamulani mwana."

Goodson anati chabwino amayi. Maso ake anali ofiira, ndipo anayesa kuwatsitsa koma m'chipinda muja munalibe koyang'ana kwina. A Katerina anakhudza kofiira, mofatsa, ngati kamwala ka m'lichero. Kenako anakhala pathumba la mpunga. Mpunga tsiku limenelo anagulitsa a Rahema, ndi manja onunkha usipa, ogula nkumadandaula.

Uthenga unafika madzulo dzuwa lisanalowe, wa mawu. A Katerina anaupeza okha, anadina okha. Mwana anamugoneka, anamubaya jakisoni, ndipo anamwino anawakalipira chifukwa chochedwa. Pageti panali mlonda mmodzi, akudya chimanga. Lachisanu mwana anali akuyamwa mpaka Matilda kudandaula, ndipo a Katerina anamuona yense, kuyambira kumutu mpaka kaphazi kaja. Anati mphuno ndi ya malemu a Davison, zina zonse n'zabwino.

Apa ndi pamene a Rahema anayambitsa mlandu. Anati wallahi iwo anaona ndi maso awo, msika wonse unaona, aNambewe a ulemu wawo uja akuyang'anizana ndi mkamwini maso ndi maso, nkumulalatira ngati kondakitala. Anafunsa ngati akaulule kwa ansembe kapena kwa ankhoswe.

A Katerina anati palibe choulula. Kwawo manyazi a chipongozi sathera m'malere, amatha ndi mphatso: wina amapereka kanthu kwa mnzake, akalandira ndiye kuti atha kuyankhulana ndi kudyera pamodzi. Iwo anangoyamba ndi kuyankhula, mphatso ikubwera pambuyo. A Rahema anati iwo anamva kuti imakhala nkhuku. A Katerina anati nkhuku ilibe pasipoti, ndipo m'nyumba imene ija opanda mapepala akwana.

"Nanga nkhope ya mkamwini wanu mwaiona bwanji, patatha zaka zonsezi?"

A Katerina anati mwana wawo anasankha bwino, munthuyo ali ndi mpata pamano, maso achifundo. Koma tsitsi. Anati zaka zonsezi ankadabwa kuti akamuona chakumbuyo mutu umakhala ngati chisa cha mpheta, nkumaganiza kuti mwina kutsogolo amakonzako. Kutsogolo ndiye kwenikweni.

Loweruka anatseka benchi msanga, nkupita kwa bambo wogulitsa tizinthu pafupi ndi siteji ya maminibasi, pakati pa maloko, mabatire ndi tizingwe totchajira. Anatembenuzatembenuza zipeso, kuyesa mano ake ndi chikhadabo, kukana chapinki, kukana cha mano aang'ono chimene anati chikathyokera pakhomo. Anasankha chakuda, cha mano otalika ngati foloko ya m'munda. Wogulitsa anafunsa ngati n'chawo, poti iwo duku silichoka kumutu. Anati n'cha apongozi, ndipo bamboyo anaseka mpaka anaona kuti mayiwo sakuseka.

Wonyamula katundu wa ku Joni adzadutsa mwezi wamawa. A Katerina anachikulunga chipesocho m'kapepala, nkuchilowetsa m'bulangete momwe mumagona tabuleti, nkusenza dengu lawo kulowera njira ya kumudzi.