Kachewere Wotsuka

Pamene ndinkakwatira kumapiri a Ntchisi, Azungu anali atangomanga kumene Boma ku Dowa, ndipo kumudzi kwa mkazi wanga kachewere sankamudziwa. Mbewu yake ndinabwera nayo ndine m'kathumba, kuchokera kumunda wa kumishoni komwe ndinaphunzira kuwerenga. Kunena zoona, ine ndi khasu sitinkamwerana madzi, ndipo apongozi anga aakazi anali ataziona kale zimenezo. Masiku amenewo mkamwini wolephera kumunda ankangomupatsa mphasa yake n'kumulozera njira. Ine kumusiya mkazi wangayo sindinkafuna m'pang'ono pomwe.

Kachewere uja anabereka zedi. Chifukwa cha phuma ndinakumba mvula isanathe, kachewere wina n'kumamutema mwangozi ndi khasu. Kenaka nzeru za kusukulu zinandikwera kumutu. Kumishoni anatiphunzitsa kuti chinthu chilichonse chizikhala chaukhondo, choncho ndinamusenzera kumtsinje n'kumutsuka mmodzimmodzi mpaka kuwala. Ndinamuthira m'nkhuti, dzenje losungiramo mbatata, ali chinyowere, n'kukwirira.

Isanathe milungu iwiri, ngakhale agalu anayamba kulambalala pamalopo. Titafukula, anthu anabalalika atagwira mphuno. Ndinapisa dzanja, n'kutulutsamo phala loterera lokhalokha. Patapita zaka zambiri mlangizi wina anandiuza kuti m'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timalowera pabala ndipo timakonda chinyezi. Koma tsiku limenelo ndinangogwidwa ndi manyazi ndi mantha.

Mwambo sunkatilola kuyang'anana ndi apongozi. Iwo anaima kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula ndi mwana wawo, mokweza kuti ine ndimve.

"Iwe, tawafunsa aphunzitsi akowo. Mbatata yawoyi anaisambitsa kuti ikabatizidwe?"

Anthu anafa nalo phwete. Mkazi wanga yemwe anaseka mpaka kukhala pansi. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za njira ya kwathu.

"Uwauzenso," anapitiriza apongozi, "kuti munthu wotsuka zokolola za munda wonse chimodzichimodzi si waulesi ayi, ndi wopusa chabe. Ulesi ndiye ulibe mankhwala, koma kupusa timachiza. Mawa alawire, tikalime kudimba."

Dimba limenelo ndinalima nawo mpaka ukalamba wawo, iwo kumtunda, ine kumunsi, osayang'anana. Tsiku limene tinawaika m'manda ndinalira kuposa ana awo.