Dzina la Esinati m'buku la ubatizo

Ndikukumbukira ndili ndi zaka ngati khumi, kwathu ku Wenya. Lemba bwino, mdzukulu, ukawapatse a kulaibulale akutumawo!

Ine sukulu sindinaiponde. Amene ankapita ndi mlongo wanga Lameki. Ndiye kunabwera mphunzitsi wochokera ku Dedza, wolankhulira m'mphuno: "Aliyense akalembe mbiri ya banja lake, tiisunge m'kabati ya mabuku. Koma musakhulupirire pakamwa pamodzi. Mukaonenso zolembedwa!"

Lameki anafunsa adada, anafunsa amama, kenako ananyamuka kupita kwa mkulu wa mpingo amene ankasunga buku la ubatizo. Ine pambuyo, ndimve dzina langa likuwerengedwa. Bukulo linali m'sutikesi yachitsulo, lonunkha mphemvu. Lameki chala pamzere, pamzere, kenako zii.

"Werenga, iwe!"

"Tamala... mayi wake Esinati."

"Wanama! Amama ndi Rute!"

Mkulu uja anatseka buku, phaa! "Pitani kwanu, wana imwe."

Ine liwiro! Pakamwa panga paja mukupadziwa. Ndisanalowe n'komwe pabwalo ndayamba kale kukuwa: "Amama! Esinati ndani? Buku likuti ndiye anandibala!"

Mayo ine! Pakhonde panali tcheyamani wa chipani ndi anyamata ake awiri, akuyendera makhadi. Adada kapu ya madzi inawagwa m'manja.

Tcheyamani anatembenuka pang'onopang'ono. "Esinati? Uja anakana khadi n'kuthawira ku Zambia kudzera m'mapiri a Mafinga? Mukusunga mwana wake muno?"

Masiku amenewo mawu otere ankatenthetsa nyumba.

Amama anasiya lichero, anapukuta manja, n'kuseka. Kuseka ndithu! "Adada tcheyamani, Esinati, mkulu wanga uja, ndiye ananyamula mwanayu paubatizo, ine ndikudwala. Mlembi anangolemba amene anamuona. Uyu ngwanga. Taonani mphuno!"

Anandikoka n'kugunditsa tsaya langa pa lawo. Tcheyamani anatiyang'ana, anayang'ana makhadi athu, nati, "Yewo," n'kumapita.

Atapita, amama anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Buku silinaname, Tamala. Mkulu wanga uja anakusiya ukuyamwa, pakhomo pano. Koma ukadzalitchulanso dzinalo pabwalo, udzandiika m'manda."

Sanandimenye. Bwenzi atangondimenya! Ndinakhala masiku atatu osalankhula, mpaka anthu ankati ndalodzedwa. Lameki analemba Rute papepala lake, ndipo mphunzitsi anamuyamikira pamaso pa kalasi yonse kuti wafufuza bwino.

Esinati sindinamuonepo mpaka lero.

Tsono ana inu fufuzani, tsegulani mabuku onse, nthawi ija inapita. Koma ndinaphunzira kuti buku limanena zoona osayang'ana amene wakhala pakhonde. Kuyang'anako ndi ntchito yako iwe wowerenga. Ndipo pamzere wa amayi anga ulembe mayina awiri. Uyambe ndi Rute.