Galimoto ya pa Chulu

Mwamuna amene ndinadzakwatiwa naye ndinamuona koyamba atagona chafufumimba pakhonde la sitolo ku Kandeu, akusuzumira kunsi kwa kagalimoto ka chitini. Ndinaganiza kuti mutu wake sukuyenda bwino. Munthu wamkulu, wandevu zake, wobwera ku Joni, n'kumakwawa pafumbi chifukwa cha choseweretsa! Ndinatula dengu langa la nsomba zouma kuti ndimuseke bwino, ndipo kuima kumeneko n'kumene kunandiputira zonse.

Zinali zaka za m'ma 1950, azungu akadalamulira. Ife kwathu kunali kumunsi, kuchigwa cha Bwanje kotentha kuja, ndipo ku Kandeu ndinkakwerako masiku a msika. Iye ntchito yake inali kuwotcherera ndowa ndi kupanga nyali za koloboyi. Zala zina za kumanzere anazisiya kumgodi, koma zotsalazo zinali ndi luso loti ukanakana kuti ndi za munthu wovulala. Kagalimotoko kanali kotalika ngati mkono wanga kuchokera pachigongono. Thupi lake analidula ku chitini cha palafini n'kulisula mpaka makwinya onse atatha. Matayala anali zivindikiro za polishi wa nsapato, zokutidwa ndi chubu cha njinga. Zitseko zinkatseguka, mipando anaikuta ndi kachikopa ka mbuzi, nyali zinali timagalasi ta botolo tonoledwa pamwala, ndipo ukapotoza chiwongolero matayala akutsogolo ankamvera. Anandiuza kuti inali galimoto ya mzungu wa pamgodi, imene inkadutsa pageti la komponi m'mawa uliwonse. Sanaikwerepo, koma anaiyang'ana mpaka kuiloweza.

Mwini sitoloyo, bambo wachisilamu wokonda nthabwala, anali ndi kamera ya miyendo yamatabwa, yofunda nsalu yakuda. Tsiku lina anaika kagalimotoko pamwamba pa chulu, pafupi penipeni ndi diso la kamera, n'kuuza mnyamatayo kuti abwerere m'mbuyo, kutali, akweze dzanja ngati watsamira denga. Ine ndinalipo, ndinaseka mpaka misozi. Koma chithunzi chitatuluka kuseka kunandithera. Panali galimoto yaikulu, yonyezimira, itaima pamtunda, ndi mwini wake ataigwira monyadira.

Chithunzi chimenecho n'chimene anandipatsa ngati chikole atandifunsira. Ndinachibisa m'thumba la pilo.

Bambo anga anali atamwalira kale, ndiye ine ndi amayi tinkakhala m'manja mwa amalume. Akazi awo, amene ndinkawatcha azakhali, anali ndi manja osakhazikika. Panalibe thumba m'nyumba imene ija limene sanalipisepo. Anachipeza chithunzicho, ndipo ndisanabwere kumadzi chinali chitafika kale kwa amalume.

Ndiyenera kufotokoza za amalume kuti zimveke. Anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, msuweni wanga, amene anapita ku Joni ine ndili wamng'ono n'kutchona. Sanabwerenso, sanatumenso mawu. Chimene chinabwera ndi chithunzi chimodzi: iye atavala suti ndi chipewa, dzanja lili padenga la galimoto yakuda. Amalume ankayenda nacho m'thumba la m'kati la jekete. Pamowa, pamaliro, pamsika wa thonje, nkhani inali imodzimodzi, yoti mwana wawo ali ndi galimoto ku Joni, ndipo munthu wa galimoto sangalekerere katundu wotere n'kumabwera kuno wamba. Tinali titaitopa nkhaniyo, koma palibe amene ankawatsutsa.

Panalinso kapitawo wa pamsika wa thonje, bambo wamkulu kuposa amayi anga, amene akazi ake akale onse anamuthawa ali ndi zipsera. Ameneyo anali atayamba kundizungulira, ndipo amalume anali atatsala pang'ono kuvomera. Ndinkamuopa munthu ameneyo. Ndiye ataona chithunzi cha mnyamata wa ku Kandeu, amalume anatuma mawu kwa kapitawo kuti ayambe wadikira, mbumba yawo yapeza munthu wa galimoto.

Ndinagwada pakhomo pawo madzulo omwewo.

"Amalume, galimotoyo si yeniyeni. Ndi kachitini, kotalika chonchi."

Anayang'ana mkono wanga, n'kuyang'ana chithunzi. "Iwe mwana, ukundiyesa wakhungu? Munthuyu waigwira denga. Kachitini angakagwire denga ataimirira?"

"Anaima kutali, amalume. Kagalimotoko kanali pachulu."

"Chithunzi sichinama," anatero. "Makina aja alibe pakamwa."

Azakhali anaseka ali kuseri kwa nkhokwe. "Akubisa dala ameneyu, akuopa kuti tingamakwere nawo. Sanakwatiwe n'komwe wayamba kale kumana!"

Ndinabwereza mawa lake, ndinabwerezanso mkuja. Amayi anandikokera kudambo n'kundiuza kuti ndisiye, achimwene awo anali atalengeza kale mudzi wonse. Ndinawafunsa kuti nanga akakaona okha zikatha bwanji. Amayi anangotola mtsuko wawo. Tonse tinkadziwa yankho lake. Amalume akanyozeka pagulu, ine ndinali wa kapitawo thonje lisanathe kugulidwa.

Ndinatuma mayi wina wogulitsa mchere kuti akamuuze mnyamatayo zonse, ndi kumupempha kuti amalume akafika adzanene kuti galimoto yapita kokakonzetsa ku Limbe. Bodza lake linali laling'ono, lotigulira nthawi basi. Mayiyo anabwera ndi yankho lalifupi: "Akuti abwere adzaione." Ndinapsa mtima moti ndinaswa chikho. Ine ndikusowa tulo, iye akuyankha ngati aitanira anthu kudzaona mbuzi yoswa!

Amalume anasankha tsiku la msika. Anati asanalandire ankhoswe a munthu aliyense akufuna akamuone kaye okha. Anavala jekete ngakhale kunja kunali ng'amba, nsapato anazikoleka m'khosi kuti zisafumbire. Azakhali ananyamula nkhuku ndi dengu lopanda kanthu, akuti pobwerera muikidwe zogula popeza sitidzasenza. Ine ananditenga kuti ndisenze ufa wa mphatso. Aliyense amene tinakumana naye panjira amalume ankamuimitsa. "Pobwerera mutipatse mpata, tingakuthireni fumbi!" Anthu ankawomba m'manja. Ine pamene mtunda unkakwera ndinapemphera kuti kugwe mvula, kuti mtsinje udzaze, kuti wina apunthwe chala. Kumwamba kunali mbee.

Tinafika dzuwa lili pamutu, msika utadzaza. Amalume anakhala pamwala n'kuvala nsapato zawo, kenako tinapita pakhonde la sitolo. Mnyamatayo anaimirira, anavula chipewa, anawapatsa mpando n'kukhala pansi. Malonje anayenda bwinobwino, za mvula, za thonje, za odwala. Maso a amalume okha ndi amene sankakhazikika. Ankayang'ana kuseri kwa sitolo, pansi pa mtengo wa mango, kumsewu.

"Nanga galimoto mwaimika kuti?"

"Ili m'nyumba, bambo. Ndikaitenge."

Analowa m'kachipinda kake n'kutuluka atanyamula kanthu kokulungidwa m'nsalu. Anakaika pansi patsogolo pa nsapato za amalume, n'kuvundukula pang'onopang'ono. Anali atakapukuta mpaka kakuwala. Anatsegula kachitseko ndi chala chimodzi.

Wina kumbuyo kwathu anayamba kuseka. Kenako amayi a tomato, kenako anyamata a njinga, mpaka khonde lonse. Azakhali anayang'ana dengu lawo lopanda kanthu n'kulibisa kumbuyo. Amalume sanaseke, sanakalipe. Mtsempha wa pakhosi pawo unkagunda, ndipo ine ndinkaudziwa mtsempha umenewo.

"Mwandiyendetsa mtunda wonsewu kuti mudzandionetse chidole?"

"Sindinakuitaneni ndi bodza, bambo. Ndilibe galimoto ine. Ndili ndi manjawa basi."

"Ndiye pachithunzipa mwaima ndi ya yani?"

"Ndi yomweyi."

Amalume anaimirira. "Iwe, senza ufawo. Tiye." Anatembenukira kwa azakhali n'kunena mokweza, kuti aliyense amve, kuti podutsa pamsika wa thonje akaima. Ndinasenza ufa uja. Ndinamuyang'ana mnyamatayo, ndipo panthawi imeneyo ndinamuda ndi mtima wanga wonse chifukwa cha chilungamo chakecho.

Amene anatiimitsa ndi mwini sitolo. Anatuluka atanyamula kamera yake paphewa. "Bambo, musapite mukuganiza kuti mwanayu ndi wabodza. Nthabwalayi inali yanga. Bwerani mudzaone ndi maso anu, mukatero muzipita."

Sindikudziwa chimene chinawagwira amalume. Mwina sanafune kukana munthu wamkulu mnzawo pagulu. Tinapita pachulu paja, anthu akutitsatira. Kagalimoto kanaikidwa pamwamba, kamera pafupi nako, ndipo mwini sitolo anawafunditsa amalume nsalu yakuda kumutu. Anawachenjeza kuti m'katimo zinthu zimaoneka chadodolido, asadabwe. Kenako anakodola mnyamatayo kuti ayambe kubwerera m'mbuyo. Anabwerera, anabwererabe, mpaka mwini sitolo anati aime. Anakweza dzanja lake lopunduka lija m'malere, pamene panalibe chilichonse.

Anthu anasekanso, poti kwa ife tonse anali munthu woima yekha patchire atakweza mkono. Koma amalume sanatuluke m'nsalumo. Ndinkangoona msana wa jekete lawo ndi nsapato zawo zopanda fumbi. Anakhalitsa mpaka kuseka kunazilala, anthu anayamba kuyang'anana. Nkhuku ya azakhali ndi yokhayo imene inkamveka.

Atatuluka nkhope yawo inali ina. Sanandiyang'ane ine, sanayang'ane gulu. Anapisa dzanja m'thumba la m'kati la jekete, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ankakanira masiku onse aja. Sankakanira chikole changa ayi. Anapita okha kukakumana ndi mnyamatayo n'kumupatsa chithunzi cha mwana wawo.

"Inu mwakhalako ku Joni. Nanga iyi?"

Mawu awo anali otsika, koma ndinali nditawatsatira ndipo ndinamva. Mumtima ndinkamukuwira mnyamatayo kuti anamize kamodzi kokha, kamodzi basi, anene kuti inde ndi yake. Akanatero amalume akanapeza pogwira, ndipo mwina ine ndikanapulumukira pomwepo. Iye anachiyang'ana nthawi yaitali, akuchipendeketsa padzuwa.

"Galimotoyi ndi yeniyeni, bambo. Si ya chitini."

Amalume anapuma.

"Koma ndikuidziwa. Imaima pakhomo pa wojambula wina pafupi ndi siteshoni. Ilibe injini. Tonse tinaimapo, inenso ndinaimapo. Suti ndi chipewa amabwereketsa pomwepo."

Ndinatseka maso. Ndinaona nyumba ya kapitawo, ndi chitseko chake chachitsulo.

"Ndiye sabwera chifukwa chiyani?" anafunsa amalume. Sanali kufunsa ngati munthu wokalipa. Anafunsa ngati mwana.

"Sindikudziwa, bambo. Ambiri amachita manyazi kubwera chimanjamanja. Ine ndinabwera chifukwa zala zitaduka anachita kundikweza sitima." Analoza pachithunzipo ndi chimodzi mwa zala zake zotsala. "Koma taonani masayawa. Tsiku limeneli anali akudya bwino."

Amalume anatenga chithunzi chawo n'kuyang'ana pamene analozapo. Sindikhulupirira kuti zaka zonsezo anali atayang'anapo masaya a mwana wawo. Ankangoona galimoto. Anapukuta maso ndi mkono wa jekete, kenako anawerama n'kuvula nsapato, n'kuzikolekanso m'khosi.

"Iyi mungathe kuipanga? Yomweyi, yakudayi?"

"Ndingathe, mukandibwereka chithunzicho."

Chithunzi chimene sankalola ngakhale azakhali kuchikhudza anachisiya m'dzanja lopunduka lija. "Ikatha mudzabwere nayo nokha kwathu. Mudzabwere ndi ankhoswe anu." Anatembenukira kwa ine. "Ufawo tula, tinatengera anthuwa."

Tinatsika wapansi, dengu la azakhali lili lopanda kanthu. Anthu aja anali akudikirabe m'njira, ndipo ankafunsa kuti nanga fumbi lija lili kuti. Amalume ankangoti, "Kulibe galimoto," n'kumapitirira. Pamsika wa thonje sanaime. Ndinayenda kumbuyo kwawo ndikulira mwakachetechete, theka chifukwa ndinali nditapulumuka, theka chifukwa cha msana wawo umene unali utawerama tsiku limodzi lomwelo.

Galimoto yakuda ija inabwera pamodzi ndi ankhoswe mvula isanagwe. Amalume anaiika pashelefu pambali pa chithunzi, ndipo ankaipukuta okha ndi kansalu, ana osaloledwa kuikhudza. Nkhani ya mwana wa galimoto sanainenenso pamowa kapena pamaliro. M'malo mwake aliyense wopita ku Joni ankamuperekeza mpaka kumsewu, n'kumupempha kuti akakumana ndi mwana wawoyo akamuuze kuti angobwera, ngakhale wapansi, ngakhale wopanda nsapato.

Anatuma anthu ambiri. Msuweni wanga sanabwere.