Mavolti Asanu ndi Mfutso wa Apongozi

Nditakwatira ku Kabudula ndinakakhala kwa akazi anga ngati mkamwini, ndipo mudzi wonse unadziwa msanga kuti khasu ndi ine sitimwerana madzi. Mizere yanga inkayamba bwino koma inkakathera m'munda mwa eni. Apongozi aamuna, mkulu wa mpingo wodziwa kuseka munthu mwaulemu, ankati, "Akamwini athuwa ndi a mawaya, eti." Mawu amenewo ankandiwawa.

Tsono apongozi aakazi atasonkhanitsa mazira makumi anayi, ndinaona mpata woonetsa kuti nanenso ndine munthu. Ndinapanga makina oswetsera mazira ndi bokosi la matabwa, babu lotenthetsa ndi kamota kotembenuza mazirawo. Mtima wa zonse unali kabodi ka magetsi kobiriwira komwe ndinagula ku Nsaru. Ntchito yake inali kuwerenga nthawi ndi kudzutsa kamotako, ndipo kuti zitheke kankayenera kutulutsa mavolti asanu. Sola yodyetsa batire anakaiika alamu anga padenga la khola, kuseri kwa nyumba ya apongozi, poti ndiko kunkawala dzuwa bwino. Ine sindinapiteko. Mkamwini sazungulira kuseri kwa apongozi ake aakazi, ngakhale kulankhulana sitinkalankhulana. Tikakumana panjira, iwo ankalowa m'chimanga, ine m'fodya.

Sabata yoyamba zinayenda. Yachiwiri, kamota kanayamba ulesi ndipo babu linkangoti psuu ngati khala. Ndikagunditsa timawaya ta mita yanga yoyezera potulukira magetsi m'mawa, mavolti asanu. Masana, atatu ndi theka. Kabodi kankachita ngati waganyu, wolimbika bwana akamaona.

Ndinakakwiyira. Ndinachotsa kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi n'kuwotcherera kena. Atatu ndi theka. Ndinapalasa njinga mpaka ku Nsaru kukalalatira amene anandigulitsa kabodiko, iye n'kundifunsa modekha, "Kodi polowera magetsi mwayeza, achimwene?" Ndinamuyankha kuti asandiphunzitse ntchito. Zoona zake n'zakuti sindinayeze.

Nditayeza, ndinapeza kuti batire lenilenilo linali ndi njala. Kabodi kanalibe mlandu, kankangogawa zochepa zomwe kankalandira. Ndinatuma akazi anga kuti akaone sola. Anabwera akuluma nsonga ya chitenje kuti asaseke.

"Amayi ayanikapo mfutso," anatero. "Akuti galasi lanulo limaumitsa nkhwani msanga kuposa mphasa, ndipo mbuzi sizifikapo."

"Ndiye kawauzeni achotse!"

"Ine? Ndiwauze kuti akupha mazira awo omwe? Kawauzeni ndinu."

Ankadziwa bwino kuti sindingathe. Tinagwirizana kuti iwo azikachotsa masambawo mwakachetechete, koma apongozi ankati ndi mphepo, n'kuyanikanso ena, ulendo uno atatsendereza ndi miyala. Nkhondo yosalankhula imeneyi inatha masiku anayi, mpaka nkhwani zitauma zokha.

Pa mazira makumi anayi anaswa asanu ndi awiri. Otsalawo anasukuluka, ndipo fungo lake linaitana mudzi wonse. Apongozi aamuna anafika atavala jekete la kutchalitchi, anthu atadzaza pabwalo, apongozi aakazi atakhala poteropo chondifulatira.

"Tatiuzani, akamwini," anatero, "chalakwika n'chiyani pa makina anu otchuka aja?"

Yankho linali pakamwa, lokoma ngati uchi. Ndikanangotchula mfutso, ulemu wanga ukanabwerera pomwepo. Ndinayang'ana msana wa apongozi aakazi, ndipo ndinawaona akucheukira kukhola kuja n'kuweramitsa mutu. Anali atazindikira.

"Ndine ndinalumikiza mawaya molakwika, bambo," ndinatero.

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Wina anati khasu landikana, mawaya nawonso andikana, bola ndiyese kulera ana. Ndinapsa mtima tsiku lonse, ndipo sindinama, ndinadzitcha chitsiru kangapo.

M'mawa mwake ndikukonza unyolo wa njinga, ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Anali apongozi aakazi. Ndinafuna kuthawira m'fodya, koma anali ataima kale pafupi, nkhope italoza kukhoma. Anatsitsa lichero pansi, anapiye onse asanu ndi awiri ali momwemo.

Kwa zaka zitatu ndinali ndisanamvepo mawu awo akulankhula ndi ine.

"Awa ndi anu, bambo," anatero. "Ndipo mawa mudzadye kwathu."