Ndinkati ndi litsipa

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kuika akazi anga m'manda chifukwa cha mawu amodzi: litsipa. Kuti lero ali moyo, si nzeru zanga ayi. Ndi anthu a kuchipatala, omwewo amene ndinkawanena kuti ndi amwano.

Kwathu ndi kufupi ndi Nsaru, ndipo timalima fodya. Tsiku limenelo tinali m'chigafa tikusoka fodya, dzuwa lili paliwombo. Mwadzidzidzi akazi angawo, amake Tadala, anaponya masamba pansi n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Anati zili ngati wina wawamenya ndi mpini kunkhongo. Kenako anasanza. Ine, poti ndine mdziwazonse, ndinagamula pomwepo kuti ndi litsipa, mutu uja anthu amadwala n'kuchira osaona ndi khomo la chipatala lomwe.

Ndinawamanga mutu ndi mpango mothina, n'kukawagulira asipirini pagolosale. M'mawa mwake khosi linauma gwa, ndipo kuwala sankakufuna. M'malo mofuna njinga yamoto, ndinatenga lezala n'kuwatema mphini m'mbali mwa maso, monga ankachitira malemu bambo anga, kuti magazi oipa atuluke. Sindinkadziwa kuti magazi anali akutuluka kale, koma m'kati mwa mutu. Ndinene zoona, abale anga, mtima wanga unali pa fodya amene ankapsa m'munda.

Tsiku lachitatu anagwa akuchokera kubafa, pakamwa patakhota, dzanja lamanja lili lende. Mlamu wanga, mng'ono wawo, ndi amene anathamanga kukapeza galimoto. Pachipatala chapafupi sanatichedwetse, anatikweza ambulansi ya kuchipatala chachikulu ku Lilongwe.

Kumeneko tinalandiridwa ndi adokotala achizimayi, achitsikana ndithu. Anandifunsa kuti mutuwo unayamba liti. Chifukwa cha manyazi ndinanama kuti wayamba m'mawa womwewo. Iwo anayang'ana mphini zija, zitachita kale nkhanambo, kenako anayang'ana ine.

“Bambo, pano si pabwalo la milandu,” anatero motsitsa mawu. “Tiuzeni tsiku lenileni ndi zonse zimene mwawamwetsa, kuti tidziwe pogwira.”

Ndinaulula zonse misozi ili mbwembwembwe. Atawajambula m'mutu, anandifotokozera kuti mtsempha unaphulika mu ubongo, ndipo asipirini uja amachititsa kuti magazi asaleke msanga kutuluka. Sanandikalipire. Anangondipatsa pepala loti ndisayine, n'kulowa nawo kokachita opaleshoni.

Kwa milungu iwiri akazi anga sanatsegule maso. Zimene ndinaona m'masiku amenewo sindidzaziiwala. Anamwino ankawatembenuza kuti asachite zilonda, ankawadyetsa phala kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, ankawapukuta osachita tsinya, odwala ena atadzaza mpaka pansi. Anamwino ena achikulire ankafika m'mawa uliwonse n'kuwagwira dzanja, n'kuwafunsa kuti, “Mwadzuka bwanji amake Tadala?” ngati kuti ayankhidwa. Ine ndinkaona ngati akungotaya nthawi. Tsiku lina akazi anga anawafinya chala. Anamwinowo anatuluka okha kudzandiitana panja, akuseka ngati wodwalayo ndi mbale wawo.

Pano tili kunyumba, koma si amake Tadala amene mudzi unkawadziwa. Amayenda mokoka mwendo. Anali otsogolera nyimbo kutchalitchi, lero dzina la mwana wawo yemwe amalifunafuna mpaka kulira. Potuluka ndinafunsa adokotala aja ngati zikanafika pamenepa tikanabwera tsiku loyamba. Anangoti tithokoze kuti tinabwera. Anandikomera mtima, koma yankho ndinalimva.

Inu anzanga, mutu wobwera mwadzidzidzi ngati nkhonya, wosanzitsa ndi kuumitsa khosi, musaupatse dzina muli pakhomo. Siyani lezala, siyani ntchito, thamangani tsiku lomwelo. Mukafika, nenani zoona. Ndipo a kuchipatala muziwathokoza akumva, ine ena a iwo sindinawafunse ndi mayina omwe.

Masiku atatu ndinawasunga kunyumba aja, akazi anga sawakumbukira. Iwo amaganiza kuti ndine ndinawathamangitsira kuchipatala. Mwa mawu ochepa amene amatuluka bwino pali “zikomo”, ndipo ndikamawasambitsa amandiuza mawu amenewa akundiyang'ana m'maso. Ndimangowerama, chifukwa zikomo ameneyo si wanga, ndipo mpaka lero mphamvu zowauza zoona sindinazipeze.