Mzere umene Enelesi sanadikire

Enelesi wa ku Wimbe anali ndi ana asanu, ndipo pobereka womaliza anatsala pang'ono kufa. Mimba ina inabwera yosaitanidwa, fodya ali ku okushoni.

Ili ndi miyezi iwiri, anakapempha kuchipatala kuti aichotse. Anamwino anati lamulo limalola pokhapokha ngati moyo wa mayi uli pachiswe, ndiye abweretse kalata ya adokotala. Adokotalawo anali ku semina. Kalata inatuluka mimba ili ndi miyezi isanu.

"Mwachedwatu, mayi, yakula," anatero anamwino. "Mudzachirire kuchipatala chachikulu."

Pogula feteleza wa makuponi, kalaliki anaona mimbayo n'kumupititsa kutsogolo kwa mzere. Boma linamuthandiza msanga tsiku limenelo lokha. Atafika kwawo, Enelesi analozera mng'ono wake malire a munda, poti mwina pokolola sadzakhalapo.