Phazi la Malume Geng

Malume anga a Geng Shoutian amayenga mafuta a chitowe m'mudzi mwathu, kum'mawa kwa Cangzhou. Ndi munthu wamfupi, wosaseka wamba, ndipo ukawafunsa nthawi amayamba akufunsa chimene ukuifunira. M'mawa uliwonse asanatsegule mphero amakagunditsa phewa ndi msana pamtengo wa masau kuseri kwa nyumba. Khungwa lake linachita kusalala mbali imodzi.

Luso la nkhonya la banja lawo amati linabwera ndi mlonda wa ngolo za mchere, amene anadwalira m'khola mwa makolo awo nathokoza pomuphunzitsa mwininyumba kumenya. Tsiku lina anandiuza kuti munthuyo anali wansembe woyendayenda. Nditawakumbutsa za mlonda uja anati, "Kodi ku Canada unkaphunzira upolisi?"

Nditabwerako ku Toronto ndinkafuna chinthu chimodzi: malume andilowetse pakhomo. Kwathu kuno umagwada, n'kupereka tiyi kwa mphunzitsi. Akamwa, wasanduka wophunzira wam'kati, ndipo sakubisiranso kanthu. Koma ine ndine mwana wa mlongo wawo, dzina langa ndi Pei, osati Geng, ndipo kuno luso limatsata dzina la bambo. Lamya yanga ankaiyang'ana ngati njoka, poopa kuti ndiwajambula.

"Ukufuna ukatigulitse kwa azungu, Mkanada iwe?"

"Ayi malume, ndikufuna kuphunzira."

"Ndiye khala pahatchi."

Hatchi yake palibe. Umatangadza miyendo, n'kupinda mawondo ngati wakwera, n'kungoima choncho mpaka ntchafu zitayamba kunjenjemera. Dzinja lonse linatha ndili pahatchiyo. Iwo ankangodutsa ndi ndowa, n'kundiponda chala. "Mapazi alunjike kutsogolo!"

Ndinkadziwa kuti aphunzitsi akale ankapatsa akunja zosungunula, zenizeni n'kusungira ana awo. Choncho m'mawa wina ndinasuzumira pampanda. Pogunda mtengo, phazi lawo lamanzere linkapindikira m'kati. Langa ankaliwongola, lawo lopinda! Ndinati ehee, chinsinsi chija n'chimenechi. Ndinayamba kuyeserera ndekha kuseri kwa khola, bondo likundiwawa, ine n'kumati ndi mmene luso limalowera.

Masau atapsa anavomera za tiyi. Anaitana ophunzira awo akale awiri kudzachitira umboni, nayatsa lubani patsogolo pa thabwa la mayina a makolo. Ndisanagwade anati ndionetse zimene ndaphunzira. Ndinagunda mtengo, phazi n'kupindika lokha.

Malume analoza phazi langa.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

Kuba luso posuzumira ndi mlandu waukulu. Ena anathamangitsidwapo osabwereranso. Ndinagwada ndi kapu m'manja, mikono ili m'mwamba, iwo osailandira. Nthunzi inayamba kuchepa.

Amene anaphulika ndi akazi awo, mayi Lan, ali pakhomo la khitchini ndi ufa m'manja. "Kalanga ine! Mwanayu waba bulu!"

"Khala chete, mkazi iwe."

"Ndikhale chete chifukwa chiyani? Bulu wa pamphero anakumenya chidendene chaka chimene tinakwatirana, unalira ngati khanda. Lero chasanduka chuma cha makolo?" Anatembenukira kwa ine. "Ukafunanso kutsokomola kwawo unene, tikupatsa."

Amboni aja anabisa nkhope m'manja. Malume sanaseke. Anati, "Wakuba ndiwe, koma maso uli nawo. Awiriwa akhala nane chikhalire, sanaonepo phazi langa." Analandira kapu, namwa tiyi wozizirayo, nkhope itakwinyika. "Mawa pahatchi. Mapazi olunjika."

Tsopano ndine wam'kati, dzina langa linatchulidwa pamaso pa makolo. Komabe ndimawayang'anitsitsa. Akamapita kumsika ndi zigubu za mafuta amayenda bwinobwino, osatsimphina ngakhale pang'ono. Phazilo limapindika pamtengo pokha. Ndipo dzulo ndinafunsa nkhalamba ya nyumba yoyandikana nayo za bulu uja. Inandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, niti, "Wakutuma ndani?"